Mwatola phale la mbale yakale ya ku England pokumba? Njira yodziwira mtundu wake ndi zaka zake ndi iyi

Anthu ambiri akatola kaphale koyera ka maluwa a buluu chinthu choyamba amakatembenuza kusaka dzina la kampani kunsi kwake, akapanda kulipeza basi amagwa ulesi kuti aa ichi sichingadziwike. Komatu mapale ambiri otuluka pansi alibe chidindo olo pang'ono, sinanga chidindo chimakhala pa kamalo kamodzi kokha pa mbale yonse, komanso mbale zambiri za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa ma 1800 sankazidinda nkomwe. Nde ngati mukudalira chidindo chokha muzingotaya mapale omwe akanakuuzani zambiri. Dongosolo lomwe ine ndimalimbikitsa ndi ili, yambani ndi dongo, kenako glaze (kaleya konyezimira ngati galasi kokuta pamwamba pa mbale), kenako zokongoletsa, chidindo chibwere kumapeto. Ndipo chaka chomwe mupeze mukamaliza zonsezi musachitenge kuti ndi chaka chomwe mbaleyo inasweka ayi, chimangokuuzani kuti nthawi imeneyo isanafike mbale ya mtunduwo kunalibe.

Poyamba penipeni: chilolezo, ndi kulemba pomwe chatuluka

Kukumba malo akale si nkhani yongodzuka nkunyamula khasu. Ku London ngati mukufuna kutola zinthu m'mphepete mwa mtsinje wa Thames pamafunika pemiti yochokera ku Port of London Authority, kwina konse ku England mwini malo ayambe wavomera, ndipo malo omwe boma linawateteza simungawakhudze popanda chilolezo. Zakale kwambiri zomwe mwapeza mumakaonetsa kwa Finds Liaison Officer, wolemba zakale zomwe anthu atola, wa m'dera lanu, awa amagwira ntchito pansi pa Portable Antiquities Scheme. Kwathu ku Malawi nako lamulo la Monuments and Relics Act sililola munthu kukumba malo a mbiri yakale popanda chilolezo, oyang'anira zimenezi ndi a Department of Museums and Monuments. Bola kulowa m'gulu la akatswiri omwe akukumba kale mwalamulo, nthawi zambiri amafuna anthu owathandiza kutsuka ndi kusanja mapale, ndipo maso amaphunzira msanga pamenepo.

Dothi limakhala losanjikizana, la pansi ndi lakale kuposa la pamwamba pokhapokha ngati wina anadzakumbapo dzenje pambuyo pake. Leya iliyonse ndi dzenje lililonse zimapatsidwa nambala yakeyake, mapale ake amalowa mu jumbo yakeyake yolembedwa nambala imeneyo. Apa musachite ulesi chonde. Phale olo likongole bwanji likasokonekera jumbo latha ntchito, pomwe kaphale kosaoneka bwino koma kodziwika pomwe kanatuluka kangathe kukuuzani zaka za maziko a nyumba yonse.

Kutsuka

Madzi ozizira mu beseni, mswachi wofewa, sopo ayi. Tsukani jumbo imodzi, mumalize, kenako ina. Tsukani bwino makamaka mosweka muja chifukwa ndi momwe muonere dongo. Koma yambani mwayang'ana kaye, ngati glaze ikusendeka yokha, kapena pali golide, kapena utoto womwe mukuumva ndi chala kuti uli pamwamba pa glaze, musakweche, ingovikani nkupukuta ndi chala mofatsa. Yanikani pa nyuzipepala pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri, mukawatsekera mu jumbo akadali onyowa amachita chuku. Mukapeza awiri olumikizana musathamangire super glue, ku ma myuziyamu amamata ndi Paraloid B-72 chifukwa imasungunuka ndi acetone tsiku lomwe mudzafune kumasula.

Dongo: yang'anani mosweka

Gwirani phale cham'mbali muone mkati mwake. Donthezani kadontho ka madzi pamenepo. Madzi akalowa nkuzimirira ndiye kuti ndi earthenware, dongo lowotchedwa pa moto wochepera, limakhala ndi timabowo. Akakhala pamwamba osalowa ndi stoneware kapena porcelain, zowotchedwa pa moto wa madigiri 1200 kupita m'mwamba mpaka dongo linagwirana gwa. Ena amayesa ndi lilime kuti amve ngati likukakamira, ine ndimati musatero, glaze yakale inali ndi mtovu ndipo mapale ambiri amatuluka m'maenje a zinyalala ndi m'zimbudzi zakale. Kusiyanitsa stoneware ndi porcelain yatsani tochi ya pa foni kuseri kwa phale m'chipinda cha mdima, kuwala kukadutsa ndi porcelain.

Dongo likakhala lofiira, lokhuthala, la mchengamchenga, glaze ya bulawuni kapena yakuda mkati mokha, zimenezo ndi ziwiya za kukhitchini, mabeseni a mkaka ndi mitsuko, zinapangidwa mofanana kwa zaka mazanamazana nde musayembekezere kuti zikupatsani chaka. Lembani, sungani, pitani pa lina.

Likakhala lotuwa mopita ku yelo, pamwamba pali glaze ya yelo ndi mizere ya bulawuni yopesedwapesedwa, kunsi kopanda glaze, mwapeza slipware ya ku Staffordshire kapena Bristol, kuyambira cha m'ma 1670 mpaka kumapeto kwa ma 1700. Mizereyo ankaikoka dongo lamadzimadzi lisanaume, nchifukwa chake palibe mbale ziwiri zofanana ndendende.

Likakhala lofewa kwambiri moti chikhadabo chikukanda, kala yake yotuwa kapena yelo pang'ono, koma pamwamba pali glaze yoyera yokhuthala yomwe mukuiona ndithu kuti ndi leya yapayokha ndipo m'mphepete ikusendeka nkusiya dongo poyera, imeneyo ndi delftware, glaze yake anasakanizamo chitsulo cha tin kuti iyere. Luso limeneli linafika ku England ndi amisiri ochokera ku Antwerp cha m'ma 1570, kenako mafakitale anachuluka ku Southwark ndi Lambeth mu London, ku Bristol ndi ku Liverpool. Inapangidwa kwambiri m'ma 1600 ndi ma 1700, pofika 1800 inali itatha mphamvu chifukwa inkabenthuka msanga ndipo anthu anapeza zolimba kuposa iyo.

Pa stoneware pali mitundu iwiri yomwe muzikumana nayo kawirikawiri. Yoyera yopyapyala, mukaipendeketsa pa kuwala pamwamba pake pali timaenje ting'onoting'ono ngati khungu la lalanje, imeneyo ndi white salt-glazed stoneware, ankaponya mchere mu ng'anjo moto uli pakolekole nthunzi yake nkupanga glaze. Zaka zake ndi cha m'ma 1720 mpaka ma 1770, mbale zokhala ndi milomo youmbidwa ndi chikombole zinayamba cha m'ma 1740, ndipo mukaona maluwa olembedwa mokanda nkuthiramo buluu ndi scratch blue ya nthawi yomweyo. Ina ndi ya bulawuni, John Dwight wa ku Fulham anatenga patent yake, chikalata cha boma chomupatsa umwini wa lusolo, mu 1672, ku Nottingham ankapanga yonyezimira yosalala m'ma 1700, koma zambiri zomwe muzitola ndi mabotolo a inki, a ginger beer ndi a polishi a m'ma 1800. Botolo likakhala losalala bwino, kumtunda kwa bulawuni wowala kunsi koyererako, opanda timaenje tija, ndi Bristol glaze yomwe inayamba mu 1835, nde silingakhale la kale kuposa pamenepo.

Porcelain nde samalani, si yonse ya ku England. Ya ku China inkabwera yambirimbiri m'masitima, mosweka mwake mumanyezimira mwagalasi, glaze ndi dongo zinagwirana moti simuona malire, kaphazi ka kunsi kamakhala kopanda glaze, ndipo buluu wake ndi wojambula ndi manja. Angerezi anayamba kupanga yawo m'ma 1740 ku Chelsea ndi ku Bow, Worcester inatsegulidwa mu 1751, koma yawoyo inali yofewerapo, mosweka mumaoneka mwa timiyalamiyala. Bone china, yosakaniza phulusa la mafupa a ng'ombe, inakhazikika ndi Josiah Spode m'ma 1790, yoyera kwambiri ndipo kuwala kumadutsa bwino. Kusiyanitsaku nkofunika ngakhale kwathu kuno, pa Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, likulu lakale la Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anafukula mapale a porcelain ya ku China omwe anafika kalekale Angerezi asanaponde dziko lino. Munthu wongoona buluu ndi zoyera nkunena kuti ndi za azungu a mishoni angaphonye ndi zaka mazana.

Zoyera zitatu zomwe zimasokoneza aliyense

Apa ndi pomwe muzithera nthawi yambiri, chifukwa pa malo a m'ma 1770 kupita mtsogolo mapale ochuluka amakhala earthenware yoyera yopyapyala, ndipo poyamba onse amaoneka amodzimodzi. Dongo lake ndi loyera lochokera ku Devon ndi Dorset losakaniza ndi miyala ya flint yowotcha nkupera, ndipo kuchimake kwa ntchitoyi kunali ku Staffordshire, matauni asanu ndi limodzi omwe pano ndi Stoke-on-Trent: Burslem, Tunstall, Hanley, Stoke, Fenton ndi Longton.

Chitani chonchi. Tengani pepala loyera, khalani pa kuwala kwa dzuwa osati pa babu, yalani mapale pamenepo. Kenako sakani malo omwe glaze inadikha nkukhuthala pamene inkasungunuka mu ng'anjo, m'kati mwa kaphazi ka kunsi kwa mbale, pomwe chogwirira cha kapu chalumikizana ndi kapuyo, kapena m'timizere ta chikombole. Pamenepo ndi pomwe kala yeniyeni ya glaze imaonekera.

Podikhapo pakakhala pa yelo kapena yelo wopita ku girini, ndipo phale lonse pa pepala loyera likuoneka la kirimu, ndi creamware. Josiah Wedgwood anaikonza bwino kumayambiriro kwa ma 1760, mu 1765 anapangira Mfumukazi Charlotte ziwiya za tiyi nkuyamba kuitchula Queen's ware, ndipo mafakitale ena ambiri ngati a ku Leeds ankapanganso. Yoyambirira imakhala ya yelo wakuya, ya pambuyo pake imka niyererako. Pa tebulo inalamulira mpaka cha m'ma 1800 koyambirira, koma yosakongoletsa inapitirirabe zaka zambiri ngati chiwiya chotchipa, mabeseni ndi mapoto ogonera nawo usiku.

Podikhapo pakakhala pa buluu ndi pearlware. Amisiri anathira cobalt, wopatsa kala ya buluu, pang'ono mu glaze kuti aphe yelo uja mbale izifanana ndi za ku China, ena anayamba cha m'ma 1775, Wedgwood anatulutsa yake mu 1779 nkuitcha Pearl White. Zaka zake ndi cha m'ma 1780 mpaka ma 1830. Pearlware pafupifupi nthawi zonse imakhala yokongoletsedwa, nde phale la buluu podikha koma lopanda kalikonse mwina langochokera pakati pa mbale yomwe mlomo wake unali ndi zojambula.

Podikhapo pakakhala popanda kala, phale loyera mbee, ndi whiteware, inayamba kuoneka m'ma 1820, pofika ma 1830 inali paliponse ndipo mpaka lero ikupangidwa. Payokha siithandiza kwenikweni, zokongoletsa zake ndi zomwe zikupulumutseni.

Koma ndinene mosabisa, mitundu itatuyi sinasinthane tsiku limodzi, amisiri ankangochepetsa kapena kuwonjezera cobalt pang'onopang'ono aliyense pa fakitale pake, nde pali mapale ambiri a m'ma 1820 ndi 1830 omwe ali pakatikati ndipo akatswiri awiri angathe kukangana pa phale limodzi. Komanso utoto wa buluu wa zojambula umatha kuyenderera mu glaze nkukunamizani kuti ndi pearlware pomwe ndi whiteware. Mukakayika lembani kuti refined white earthenware basi, kulemba zochepa zoona kuli bwino kuposa kukakamiza dzina. Timing'alu ting'onoting'ono ta mu glaze nato musatidalire, mbale ya m'ma 1950 imatha kukhala nato tambiri kuposa ya 1790.

Pali wachinayi, ironstone. Charles James Mason anatenga patent ya Ironstone China mu 1813, zake zinali zamakala ambiri, koma zomwe zimatuluka kwambiri pokumba ndi zoyera zokhuthala zolemera za m'ma 1840 kupita mtsogolo zomwe ankazitchanso white granite, madzi salowa kwenikweni, kala yake yoyera mopita ku buluu wotuwa. Zambiri zilibe utoto, zimangokhala ndi maonekedwe a chikombole. Mukaona ngala za tirigu zotukuka kuzungulira mlomo kumbukirani 1859, chaka chomwe Elsmore & Forster a ku Tunstall analembetsa shepu yotchedwa Ceres, ndipo makampani ena anakopera kwa zaka zambiri pambuyo pake.

Zokongoletsa

Funso loyamba, anajambula ndi manja kapena anadinda? Tengani galasi lokulitsira kapena kamera ya foni muyandikitse. Zojambula ndi burashi zimaonetsa pomwe burashi inayambira, utoto wokhuthala apa wopyapyala apo. Zodinda, zomwe amati transfer print, zimapangidwa ndi timizere tatithiti ndi timadontho, chifukwa chithunzicho ankachizokota pa chitsulo cha kopa, kudinda pa kapepala kopyapyala nkumata pa mbale. Mukayang'anitsitsa pa mlomo muona pomwe mapepala anakumana, maluwa aduka kapena apitirirana pang'ono. Kudinda pamwamba pa glaze kunayamba m'ma 1750, Sadler ndi Green a ku Liverpool ankadinda zakuda pa creamware, koma kudinda buluu pansi pa glaze pa earthenware kunakhazikika m'ma 1780. Zoyambirira zimakhala za mizere yokhayokha yokhuthala, timadontho tinachuluka pambuyo pa 1800.

Kala ya zodinda imathandiza kwambiri. Buluu wakuda bii wodzaza mbale yonse ndi wa m'ma 1820. Zofiira, girini, pepo, bulawuni ndi buluu wowala zinafala kuyambira kumapeto kwa ma 1820, nde phale lodinda lofiira pansi pa glaze musaliike mu 1800. Buluu woyenderera dala moti chithunzi chikuoneka mwachimbuuzi ndi flow blue, inatchuka m'ma 1840 nkudzabweranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Willow, ija ya mlatho, mtengo wopendekeka ndi mbalame ziwiri, inayamba cha m'ma 1790 ndipo sinasiyepo kupangidwa, nde kuizindikira nkosangalatsa koma chaka sichikupatsani, bwererani ku glaze. Asiatic Pheasants, maluwa ndi mbalame za buluu wotuwa pa mbale yoyera, ndi ya theka lachiwiri la ma 1800.

Mlomo wa shell edge ndimaukonda kuposa zonse chifukwa kachidutswa kakang'onong'ono kamakwanira. Ndi mbale yoyera yomwe mlomo wokha ndi wopakidwa buluu kapena girini, timizere tolozera m'kati. Yendetsani chala pa mlomowo. Ukakhala wokhotakhota mosalingana, timizere tozokotedwa mwakuya topindikapindika, ndi wa cha m'ma 1775 mpaka 1810. Ukakhala wa mapindi olingana bwino, timizere towongoka kapena topinda pang'ono, cha m'ma 1800 mpaka ma 1830. Ukakhala ndi maluwa, nthenga kapena zingwe zotukuka, ma 1820 ndi 1830. Mlomo wozungulira wosalala wopanda mapindi koma timizere tikumvekabe ndi chala, ma 1840 mpaka 1860. Ndipo ukakhala wosalala, chala sichikumva kanthu, timizere tangopakidwa ndi burashi, ndi wa m'ma 1860 mpaka ma 1890. Girini anasowa cha m'ma 1840, buluu ndi amene anapitirira. Mukuona mmene ntchito inkachepera zaka zikamapita, mbaleyi inkatsika mtengo nde amisiri ankadula njira.

Pa makapu ndi masosala ojambula ndi manja onani makala. Kanyumba ka Chitchaina ndi mpanda za buluu yekha pa pearlware, cha m'ma 1775 mpaka 1810. Timaluwa ta bulawuni, yelo wakuda, olenji ndi girini wofooka, cha m'ma 1795 mpaka 1830. Girini wowala, zofiira ndi pinki, timitengo ta maluwa takuda, kuyambira cha m'ma 1830 pamene utoto wa chrome unalowa. Makapu akulu ndi mabakuli a mikombero yamakalamakala kuzungulira, ena okhala ndi zooneka ngati timitengo ta nthambi zomwe amati mocha, anayamba kumapeto kwa ma 1700 nkupitirira ma 1800 onse. Maluwa obwerezabwereza odindidwa ndi siponji yodula ndi a m'ma 1840 kupita mtsogolo. Maluwa a makala ambiri osalala bwino omwe mukapendeketsa pa kuwala mukuona kuti akhala pamwamba pa glaze, pena afufutika nkusiya chithunzithunzi chabe, amenewo ndi ma decal, anafala kuyambira m'ma 1890.

Tsopano chidindo

Zilipo za mitundu iwiri, chodinda ndi utoto ndi chotsindika mu dongo lisanaume. Chotsindikacho chimabisala, walitsani tochi cham'mbali kapena ikani kapepala kopyapyala mukhute ndi pensulo.

Chabwino koposa ndi cha shepu ya dayamondi ya makona anayi, chinagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883. Pakati pamakhala Rd, pamwamba kabwalo kokhala ndi IV kutanthauza gulu la zadothi, ndipo m'makona anayi muli zilembo ndi manambala. Kuyambira 1842 mpaka 1867 chilembo cha chaka chili mu kona ya pamwamba, mwezi kumanzere, tsiku kumanja. Kuyambira 1868 mpaka 1883 anazisuntha, pamwamba pali nambala ya tsiku, chilembo cha chaka chili kumanja, mwezi pansi. Nde choyamba onani kona ya pamwamba, muli chilembo kapena nambala? Izi nzofunika chifukwa zilembo zinabwerezedwa, X ndi 1842 komanso 1868, A ndi 1845 komanso 1871, K ndi 1857 komanso 1883. Mwachitsanzo pamwamba Z, kumanzere M, kumanja 14, mukuwerenga 14 June 1860. Tebulo lonse la zilembozi likupezeka pa intaneti, lisungeni mu foni. Koma tsiku limenelo ndi lomwe kampani inalembetsa dizaini ku ofesi ya boma, mbale yanuyo inapangidwa tsikulo litadutsa, mwina patapita zaka. Kuyambira 1884 dayamondi inatha, anayamba kungolemba Rd No ndi nambala kuyambira pa 1, pofika 1900 manambala anali atafika cha pa 350,000.

Mawu ena amathandizanso. ENGLAND pa chidindo nthawi zambiri ndi 1891 kupita mtsogolo, chifukwa lamulo la ku America la McKinley Tariff la 1890 linafuna kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko lochokera. MADE IN ENGLAND ndi za m'ma 1900. Ltd kapena Limited si ya kale kuposa ma 1860, Trade Mark ndi pambuyo pa 1862 ndipo kawirikawiri pambuyo pa 1875. Chizindikiro cha ufumu chija cha mkango ndi unicorn, yang'anani chishango cha pakati, mukaona kachishango kena kakang'ono pakatikati pake ndi cha nthawi Victoria asanalowe ufumu mu 1837, chopanda kachishangoko ndi cha pambuyo pake. Maina a makampani nawo ankasintha, fakitale ya Spode inkadinda Copeland & Garrett kuyambira 1833 mpaka 1847, kenako Copeland yekha. Minton inakhala Mintons mu 1873. J & G Meakin inayamba mu 1851, Johnson Brothers mu 1883. Wedgwood inayamba kutsindika zilembo zitatu za deti mu 1860, ndipo dzina lenileni lilibe e pambuyo pa g, mukaona Wedgewood ndi wina.

Msampha waukulu ndi chaka cholembedwa pa chidindo penipenipo. Nthawi zambiri ndi chaka chomwe kampani inayamba kapena chomwe inawina mendulo. Pakati pa chidindo cha Royal Worcester pali 51, akukumbukira 1751, osati kuti kapuyo ndi ya chaka chimenecho. Mitsuko yoyera ya marmalade ya James Keiller & Son a ku Dundee, yomwe yambiri inkaumbidwa ndi Maling ku Newcastle, imatchula mendulo za London 1862 ndi Vienna 1873, nde mtsuko wotchula Vienna ndi wa 1873 kapena pambuyo pake, ndipo anapitiriza kulemba mawu omwewo kwa zaka zambirimbiri.

Kuphatikiza zonse pamodzi

Yalani mapale onse a nambala imodzi pa tebulo, asanjeni m'magulu, lembani chaka choyambira cha gulu lililonse. Lamulo lake ndi limodzi, phale la posachedwa kwambiri ndi lomwe limalamula. Tinene kuti m'dzenje limodzi mwapeza creamware, pearlware ya shell edge, whiteware yodinda zofiira, ndi kaphale kamodzi ka dayamondi kokhala ndi R mu kona ya pamwamba, chomwe ndi 1861. Dzenjelo silinakwiriridwe 1861 isanafike, olo creamware ichuluke bwanji. Zakalezo zikungosonyeza kuti banjalo linasunga mbale zake nthawi yaitali, kapena dothi lokwiririra linachokera pena pomwe panali zinyalala zakale. Mbale zimakhala m'nyumba zaka makumi zisanasweke, makamaka zabwino zodyera alendo, pomwe makapu a tsiku ndi tsiku amatha msanga.

Koma musanakhulupirire kaphale kamodziko bwererani ku zolemba za pokumba, panalibe una wa khoswe, mizu ya mtengo kapena ngalande ya paipi yomwe inadula leya imeneyo? Kaphale kamodzi katsopano pakati pa mazana akale pena kamakhala kolowerera. Fananizaninso ndi zina zotuluka momwemo, mabotolo a galasi, makaliwo a dothi osutira fodya, mabatani, ndalama zachitsulo.

Powerenga werengani ziwiya osati mapale, mbale imodzi imatha kusweka zidutswa makumi atatu nkuoneka ngati mtundu umenewo unali wochuluka. Sonkhanitsani milomo ndi maphazi, muone kuti pang'ono penipeni panali ziwiya zingati. Stanley South wa ku America anabweretsa m'ma 1970 masamu otchedwa mean ceramic date, mumatenga chaka cha pakati cha mtundu uliwonse, kuchulukitsa ndi chiwerengero chake nkupeza avereji. Pa malo a m'ma 1700 pomwe mafashoni ankasintha msanga amathandiza ndithu, koma pa malo odzaza whiteware ndi Willow ine sindiwadalira, mitundu imeneyo inakhalitsa kwambiri moti chaka cha pakati sichinena kanthu.

Mbiri ya malo nayo iyikeni pa tebulo pomwepo. Ku Cape Town mbale za ku Britain zinachuluka Angerezi atalanda malowa mu 1795 ndi 1806, m'maleya a pansi pake mumachuluka porcelain ya ku Asia ya nthawi ya Adatchi. Kwathu mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876, kampani ya Mandala mu 1878, nde pa malo ngati amenewo yembekezerani whiteware, ironstone, zodinda, za siponji ndi mabotolo a stoneware, creamware ingakhale yodabwitsa. Ndipo musafulumire kulemba kuti England, anthu amenewa ambiri anali a ku Scotland, ndipo ku Glasgow kunali mafakitale akuluakulu ngati J & M P Bell opanga mbale zofanana ndi za ku Staffordshire. Ku Maastricht ku Netherlands nako Petrus Regout ankapanga zodinda ndi zojambula zomwe zinafika mpaka ku gombe la kum'mawa kwa Africa, chidindo chake chodziwika ndi sphinx. Popanda chidindo lembani kuti British kapena European, zikwanira.

Pa kakhadi ka gulu lililonse lembani nambala ya leya, mtundu wa dongo, glaze, zokongoletsa, chiwiya chake ngati chikudziwika, kuchuluka kwa mapale, ndi chaka choyambira. Mukafuna kufunsa akatswiri jambulani zithunzi zitatu pa kuwala kwa dzuwa rula ili pambali, kutsogolo, kuseri ndi mosweka muja, chachitatuchi ndi chomwe anthu amaiwala pomwe ndi chomwe katswiri amayamba kufunsa. Amene muli ku England pitani ku Potteries Museum & Art Gallery ku Hanley kapena ku Victoria and Albert Museum ku London mukaone mbale zathunthu za mitundu yonseyi, ndipo ku Gladstone Pottery Museum ku Longton ng'anjo zake zakale zooneka ngati mabotolo zikadalipo.